Catherine Helen Spence

Catherine Helen Spence (31 Okutobala 1825 – 3 Epulo 1910) anali mlembi wa mabuku, mtolankhani, mphunzitsi ndiponso mlaliki wa ku South Australia, amene anabadwira ku Scotland. Amadziwika kwambiri chifukwa chothera zaka pafupifupi 50 akulimbikitsa kuti mipando ya m'nyumba ya malamulo izigawidwa molingana ndi kuchuluka kwa mavoti amene gulu lililonse lapeza. Mu 1897 anakhala mkazi woyamba ku Australia kupikisana nawo pa chisankho cha ndale. Iye ankakhulupirira kuti njira yowerengera mavoti imaumba khalidwe la ovota: munthu amene akudziwa kuti voti yake ikagwira ntchito amaganiza mofatsa asanavote, pamene amene akudziwa kuti voti yake ingotayika amagwa ulesi kapena amangotsatira kumene kwapita anthu ambiri.

Ubwana ndi ulendo wa ku Australia

Spence anabadwira kufupi ndi tawuni ya Melrose ku Scotland, m'banja la ana asanu ndi atatu. Bambo ake, David Spence, anali loya komanso ankagwira ntchito za banki, ndipo mayi ake anali Helen Brodie. Ali mwana anaphunzira pa sukulu ya atsikana ya ku Melrose, ndipo makolo ake ankafuna kuti akapitirize maphunziro ku Edinburgh. Mu 1839 bambo ake analuza chuma chawo pa malonda a tirigu, maphunziro aja n'kuthera pomwepo. Banja lonse linakwera sitima yapamadzi yotchedwa Palmyra ndipo linafika ku South Australia chakumapeto kwa chaka chomwecho, Catherine ali ndi zaka 14.

Pa nthawiyo South Australia linali dera la atsamunda a ku Britain lomwe linali litangotha zaka zitatu. Likulu lake, Adelaide, linamangidwa pa malo a anthu a mtundu wa Kaurna. Chuma cha deralo chinagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1840, ndipo banja la Spence linakhala movutika. Catherine anayamba kuphunzitsa ana m'makomo mwa anthu ali ndi zaka 17, kenako anatsegula kasukulu kake. Bambo ake anamwalira mu 1846.

Chisankho cha khonsolo ya Adelaide mu 1840

David Spence anali mlembi woyamba wa khonsolo ya mzinda wa Adelaide, ndipo mu Okutobala 1840 anagwira nawo ntchito yoyendetsa chisankho choyamba cha khonsoloyo. Lamulo la chisankhocho linali ndi gawo lachilendo, lomwe linachokera kwa Rowland Hill, munthu amene anatchuka ku Britain chifukwa chosintha kayendetsedwe ka positi. Gawolo linkalola kuti ovota akakwana chiwerengero choikika n'kugwirizana pa munthu mmodzi, munthuyo akhale khansala wawo popanda kudikira zofuna za anthu ena onse a mumzindawo. Makhansala ochepa okha ndi amene anasankhidwa mwa njirayi, ndipo khonsoloyo inatha mu 1843 chifukwa cha mavuto a ndalama. Komabe chisankhochi chimatchulidwa kawirikawiri ngati chimodzi mwa zoyamba padziko lonse zimene zinagwiritsa ntchito mlingo wa mavoti. Catherine anamva za njirayi kwa bambo ake ali mtsikana, ndipo anadzaikumbukira patapita zaka pafupifupi 20.

Kulemba ndi chipembedzo

Buku lake loyamba la nthano, Clara Morison, linasindikizidwa ku London mu 1854 popanda dzina la mlembi. Limafotokoza za mtsikana wa ku Scotland amene anakagwira ntchito zapakhomo ku Adelaide pa nthawi imene amuna ambiri anathamangira ku migodi ya golide ya ku Victoria. Ili linali buku loyamba la nthano lonena za Australia lolembedwa ndi mkazi. Kenako analemba Tender and True (1856), Mr Hogarth's Will (1865), lomwe linali loyamba kukhala ndi dzina lake, ndi The Author's Daughter (1868). Buku lina, Handfasted, linakanidwa chifukwa cha maganizo ake pa nkhani ya ukwati, ndipo linadzasindikizidwa mu 1984.

Kwa zaka zambiri ankalemba nkhani m'nyuzipepala osatchulidwa dzina, nthawi zina m'dzina la mchimwene wake John. Kuyambira mu 1878 nyuzipepala ya South Australian Register inayamba kumulipira monga mlembi wake wokhazikika.

Spence anakulira mu mpingo wa Church of Scotland, koma chiphunzitso chakuti Mulungu anasankhiratu anthu odzapulumuka chinkamusowetsa mtendere. M'zaka za m'ma 1850 analowa mpingo wa Unitarian, ndipo mu 1878 anayamba kulalikira m'tchalitchi cha mpingowo ku Adelaide, pa nthawi imene akazi olalikira anali osowa. Sanakwatiwe, koma analera ana amasiye a m'mabanja atatu.

Vuto limene anaona m'zisankho

Mu 1856 South Australia inapereka ufulu wovota kwa amuna onse akuluakulu posankha aphungu a nyumba ya House of Assembly, ndipo inayamba kuvota mwachinsinsi. Ambiri ankaona kuti nkhani ya demokalase yatha pamenepo. Spence ankati ufulu woponya voti sukwanira ngati kawerengedwe kake kakutaya mavoti a anthu ochuluka.

Madera ambiri ankasankha aphungu angapo nthawi imodzi, ndipo wovota aliyense ankakhala ndi mavoti ofanana ndi chiwerengero cha mipando. Mwachitsanzo, m'dera la mipando isanu ndi ovota 10,000, ngati anthu 5,500 avotera anthu asanu a gulu limodzi, gululo limatenga mipando yonse isanu, ndipo anthu 4,500 otsalawo amakhala opanda phungu ngakhale mmodzi. M'dera la mpando umodzi vuto limabwera mwa mtundu wina. Ngati opikisana atatu apeza mavoti 4,000, 3,500 ndi 2,500, woyambayo amapambana ngakhale anthu 6,000 sanamufune. Njira yachiwiriyi, yakuti wopeza mavoti ambiri kuposa anzake ndiye wapambana, ndi imene Britain imagwiritsa ntchito mpaka lero, ndiponso Malawi ndi Zambia posankha aphungu.

Spence ankaona kuti njira ziwiri zonsezi zimasintha maganizo a wovota asanafike n'komwe pamalo ovotera. Munthu amasiya amene akumufunadi n'kuvotera amene akuoneka kuti angapambane, poopa kutaya voti. Opikisana a maganizo ofanana amaopa kugawana mavoti, choncho atsogoleri a magulu ndi amene amasankha woti aime ndi woti akhale pansi, ndipo wovota amangolandira mayina osankhidwa kale. M'madera amene gulu limodzi limapambana nthawi zonse, otsutsa saona chifukwa chopitira kukavota, ndipo otsatira gulu lopambanalo saona chifukwa chofufuzira ngati phungu wawo akugwira ntchito. Andale nawo amathera mphamvu zawo pa kagulu kochepa ka anthu osinthasintha maganizo, chifukwa ndi amene amagamula zotsatira.

Njira ya Thomas Hare

Mu 1859 Spence anawerenga nkhani imene John Stuart Mill analemba yoyamikira njira yatsopano ya loya wa ku England, Thomas Hare. Nthawi yomweyo anayamba kulemba makalata m'nyuzipepala, ndipo mu 1861 anatulutsa kabuku kotchedwa A Plea for Pure Democracy, komwe mchimwene wake John analipira ndalama zosindikizira. Mill ndi Hare ankadera nkhawa kwambiri zakuti mawu a anthu ophunzira angamire pakati pa ovota ochuluka. Spence anaifotokoza nkhaniyo poyambira kwa wovota wamba, ponena kuti demokalase yeniyeni ndi imene aliyense, kaya ali ku gulu lalikulu kapena laling'ono, ali ndi womuimira. Pa ulendo wake wa ku Britain mu 1865 ndi 1866 anakumana ndi Hare komanso Mill.

M'njira ya Hare, dera limasankha aphungu angapo, koma wovota amakhala ndi voti imodzi yokha. M'malo mochonga dzina limodzi, amalemba 1 pa dzina la amene akumufuna kwambiri, 2 pa wotsatira, 3 pa wina, mpaka pamene akufuna kulekezera kapena pamene lamulo lanena. Owerenga mavoti amayamba apeza mlingo. Hare ankagawa mavoti onse ndi chiwerengero cha mipando, moti m'dera la ovota 10,000 ndi mipando isanu mlingo umakhala 2,000. Aliyense amene wakwanitsa mlingo wasankhidwa. Ngati wapeza mavoti opyola mlingo, opyolawo amasamutsidwira kwa amene ovota ake anawalembera 2. Ngati palibe wina amene wakwanitsa, amene ali ndi mavoti ochepa kwambiri amachotsedwa, ndipo mapepala ake amapita kwa amene ali wotsatira pa pepala lililonse. Amachita zimenezi mobwereza mpaka mipando yonse itadzaza. M'chitsanzo cha ovota 5,500 ndi 4,500 chija, gulu lalikulu lingapeze mipando itatu ndipo laling'ono iwiri. Ochuluka amalamulirabe, koma ochepawo amakhala ndi mawu m'nyumba ya malamulo.

Njirayi ndi yosiyana ndi yovotera mndandanda wa chipani, yonga imene South Africa inayamba kugwiritsa ntchito mu 1994, chifukwa wovota amasankha anthu ndi mayina awo, ndipo angathe kusakaniza anthu a zipani zosiyana. Hare ankafuna kuti dziko lonse likhale dera limodzi. Spence anaona kuti pepala la mayina mazanamazana lingasokoneze anthu, choncho ankalimbikitsa madera akuluakulu osankha aphungu angapo lililonse. Njira yosinthidwayi inkatchedwa Hare-Spence, ndipo iye mwini anaipatsa dzina lachingelezi lotanthauza kuvota kopindulitsa, pofuna kuti anthu amve msanga kuti cholinga n'chakuti voti isatayike.

Kuphunzitsa anthu

Spence ankaona kuti anthu sangagwiritse ntchito bwino ufulu wawo ngati sadziwa mmene boma limayendera. Mu 1880 analemba The Laws We Live Under, buku la ana asukulu lofotokoza za malamulo, misonkho, ndalama, malo ndi nyumba ya malamulo. Linali buku loyamba la mtundu umenewu m'masukulu a ku Australia. Anakhalanso m'komiti yoyang'anira masukulu a ku East Torrens kuyambira mu 1877, ndipo anathandiza kulimbikitsa kuti boma litsegule sukulu yasekondale ya atsikana, Advanced School for Girls, yomwe inatsegulidwa mu 1879.

Mayi ake, omwe ankawasamalira kunyumba, anamwalira mu 1887, ndipo kuyambira pamenepo anakhala ndi mpata woyenda. Ndale za ku South Australia nazo zinali kusintha. Pambuyo pa sitiraka yaikulu ya ogwira ntchito m'madoko ndi m'sitima mu 1890, chipani cha United Labor Party chinakhazikitsidwa mu 1891, ndipo eni chuma anayambitsa bungwe lawo la National Defence League. Spence ankachenjeza mbali zonse ziwiri kuti njira imene ikupatsa mbali ina mipando yonse lero ingadzailande yonse mawa.

Mu 1892, ali ndi zaka 66, anayamba kuyendera matawuni ndi midzi ya ku South Australia akuchititsa misonkhano, mothandizidwa ndi ndalama za munthu wamalonda Robert Barr Smith. Otsutsa ankanena kuti anthu wamba sangamvetse kuvota kwa manambala. Spence anawayankha pochititsa zisankho zoyeserera. Pa msonkhano uliwonse ankagawa mapepala okhala ndi mayina a andale odziwika a maganizo osiyanasiyana, anthu n'kulemba manambala awo, kenako mapepalawo ankawerengedwa pamaso pa onse. Alimi, ogwira ntchito m'migodi ndi akazi omwe anali asanavotepo ankaona okha voti ikuchoka kwa munthu amene wagwa n'kukathandiza wina. Mapepala a m'misonkhano yambiri anaphatikizidwa ndi kuwerengedwa ku Adelaide mu 1893, ndipo Spence anagwiritsa ntchito zotsatira zake monga umboni wakuti anthu amatha kuvota mwa njirayi.

Chaka chomwecho anapita ku Chicago, kumene kunali chionetsero chachikulu cha mayiko, ndipo anayankhula pa misonkhano yokambirana za chisamaliro cha osauka ndi za kagawidwe ka mipando. Anayenda m'mizinda yambiri ya ku United States ndi Canada akuphunzitsa ndi kulalikira, n'kudzera ku Britain ndi Switzerland, ndipo anabwerera kwawo mu 1894. Mu 1895 anakhazikitsa bungwe la Effective Voting League. Jeanne Young, amene analowa m'bungweli posakhalitsa, anakhala womuthandiza wamkulu mpaka imfa yake.

Ufulu wa akazi ndi chisankho cha 1897

Spence anachedwa kulowa m'gulu lomenyera ufulu wa akazi wovota. Ankaona kuti kupatsidwa voti imene ingathe kutayika pa chisankho chilichonse si phindu lalikulu, komanso sankafuna kuti anthu aganize kuti akulimbikira zosintha zisankho pofuna kudzipezera yekha voti. Mu 1891 analowa mu Women's Suffrage League ndipo anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wake. Mu Disembala 1894 nyumba ya malamulo ya South Australia inavomereza kuti akazi azivota komanso aziima pa zisankho.

Mu 1897 madera a atsamunda a ku Australia anasankha nthumwi zokalemba malamulo oyendetsera dziko limodzi la chitaganya. South Australia inkatumiza nthumwi khumi, ndipo wovota aliyense ankasankha mayina khumi, njira yomwe ija Spence ankaitsutsa. Iye anaima nawo ndi cholinga choti nkhani ya kuvota kopindulitsa ilowe m'malamulo atsopanowo. Nduna yaikulu ya deralo, Charles Kingston, inakayikira poyera ngati mkazi angaloledwe kukhala nthumwi ngakhale atapambana, ndipo zimenezi zinamubwezera m'mbuyo. Pa opikisana 33, Spence anakhala pa nambala 22. Ku Victoria, pa chisankho chomwecho, mipando yonse khumi inatengedwa ndi anthu a pa mndandanda umene nyuzipepala ya The Age inalimbikitsa, chomwe chinali chitsanzo cha vuto limene iye ankanena.

Ntchito yosamalira ana

Kuwonjezera pa za zisankho, Spence anagwira ntchito yosamalira ana osowa owalera kwa zaka zoposa 30. Mu 1872 anathandiza Caroline Emily Clark kukhazikitsa Boarding-Out Society, bungwe lomwe linkachotsa ana amasiye ndi osauka m'nyumba zazikulu za boma n'kuwapereka ku mabanja, kenako n'kumawayendera kuti lione mmene akukhalira. Pambuyo pake anakhala membala wa State Children's Council, ndipo mu 1897 analowa m'bungwe loona za anthu osauka la Destitute Board. Mu 1907 analemba mbiri ya ntchitoyi m'buku la State Children in Australia.

Zaka zomaliza

Mu 1899 ndi 1900 Spence anakachititsa misonkhano ku New South Wales ndi Victoria. Dziko la Australia litakhazikitsidwa mu 1901, boma la Edmund Barton linabweretsa lamulo mu 1902 lofuna kuti nyumba ya Senate izisankhidwa mogawana mipando molingana ndi mavoti, koma gawo limenelo linakanidwa. Ku South Australia nkhaniyi inkabweretsedwa m'nyumba ya malamulo chaka ndi chaka kuyambira mu 1902, koma sinadutse. Chovuta china chinali chakuti aphungu oyenera kusintha njira ya chisankho anali anthu omwewo amene anapambana kudzera m'njira yakaleyo.

Ku Tasmania kokha ndi kumene Spence anaona maganizowa akugwira ntchito ali moyo. Kumeneko nduna yoona zamalamulo, Andrew Inglis Clark, inachititsa kuti njira ya Hare iyesedwe ku Hobart ndi Launceston kuyambira mu 1897, ndipo mu 1909 inagwiritsidwa ntchito pachilumba chonsecho. Njirayi imatchedwa Hare-Clark ndipo ikugwirabe ntchito.

Spence anamwalira pa 3 Epulo 1910 kunyumba kwake ku Norwood, mumzinda wa Adelaide, ali ndi zaka 84, ndipo anaikidwa m'manda ku Brighton. Anamwalira asanamalize kulemba mbiri ya moyo wake, ndipo Jeanne Young ndi amene anaimaliza.

Zimene zinachitika pambuyo pake

Mu 1918 Australia inayamba kugwiritsa ntchito manambala posankha aphungu a House of Representatives, koma dera lililonse linkasankhabe phungu mmodzi. Ku Senate vuto la mbali imodzi kutenga zonse linapitirira. Pambuyo pa chisankho cha 1919 chipani cha Labor chinatsala ndi mpando umodzi pa mipando 36, ndipo pambuyo pa chisankho cha 1946 chipani chomwecho chinali ndi mipando 33 pa 36. Mu 1948 nyumba ya malamulo inavomereza njira yogawa mipando molingana ndi mavoti, ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1949. Kuyambira pamenepo zipani zing'onozing'ono ndi oima paokha akhala akupeza mipando ku Senate, ndipo boma silikhala ndi aphungu ochuluka m'nyumbayo kawirikawiri. South Australia inatengera kagawidwe kotere ku nyumba yake ya Legislative Council m'zaka za m'ma 1970. Ireland ndi Malta nawo akhala akugwiritsa ntchito voti yosamutsika kuyambira m'zaka za m'ma 1920.

Zimene Spence ankayembekezera sizinachitike zonse. Iye ankaganiza kuti njirayi idzachepetsa mphamvu za zipani pa ovota. Koma ku Australia zipani zimagawa timapepala tosonyeza mmene otsatira awo alembere manambala, ndipo kuyambira mu 1984 mpaka mu 2016 wovota wa Senate ankatha kulemba nambala m'bokosi limodzi la chipani n'kusiya kuti chipanicho chisankhe kopita voti yake. Ovota ochuluka zedi ankachita zimenezo. Otsutsa amanenanso kuti kuwerenga kumatenga nthawi yaitali ndiponso kuti m'dera lalikulu anthu sadziwa bwino phungu wawo. Ku Tasmania, kumene mayina a opikisana amasinthidwa malo pa mapepala osiyanasiyana, ovota amasankha okha pakati pa anthu a chipani chimodzi, ndipo si zachilendo phungu kuchotsedwa ndi mnzake wa chipani chomwecho.

Chikumbutso

Chipilala cha Spence chili pa bwalo la Light Square ku Adelaide, ndipo nyumba ina ya State Library of South Australia imatchedwa ndi dzina lake. Mu 2001, pokumbukira zaka 100 za chitaganya cha Australia, nkhope yake inaikidwa pa ndalama yapepala ya madola asanu, kuseri kwake kuli Henry Parkes. Dera la chisankho la Spence, kumpoto kwa Adelaide, linayamba kutumiza phungu ku House of Representatives mu 2019. Deralo limasankha phungu mmodzi.